MANJA AKALEKA KUOMBEDWA, WOIMBA ATSALA NDI CHIYANI?

Moyo wa Mtebeti Wambali Mkandawire ndi phunziro lake kwa aphunzitsi ndi antchito a Boma

Wolemba Mtolankhani Wathu wa ku Mzuzu

Munthu amene ayenda madzulo m'makwalala a mzinda wa Mzuzu, kaya ndi ku Chibavi, ku Zolozolo, ku Mchengautuwa kapena ku Luwinga, sangalephere kumva nyimbo zikutuluka m'tizipinda ta kuseri kwa masitolo ndi nyumba za lendi. M'menemo muli anyamata ndi atsikana, ena a iwo akali pa sukulu, amene ajambula mawu awo pa kompyuta ndi chiyembekezo chakuti tsiku lina dzina lawo lidzamveka dziko lonse. Ndipo ena mwa iwo adzamvekadi, pakuti masiku ano nyimbo imodzi ikhoza kuyenda pa mafoni kuchokera ku Mzuzu kufikira ku Nsanje sabata isanathe, kotero kuti mnyamata amene dzulo anali kutumidwa ku chigayo adzuka m'mawa napeza kuti msika wonse ukumutchula dzina.

Za njira yopezera mbiri yotere sitinenapo kanthu, chifukwa anyamatawo aidziwa kuposa ife. Funso limene tifuna kuika pamaso pa awerengi athu ndi lina: tsiku limene manja adzaleka kuombedwa, kodi mwanayo adzatsala ndi chiyani? Akuluakulu anati ng'oma yolira sichedwa kung'ambika. Ambiri mwa awerengi a tsamba lino ndi aphunzitsi amene ali ndi ana otere m'makalasi mwawo, ndipo ena ndi antchito a Boma amene malamulo oteteza ana otere ali m'manja mwawo. Choncho funsoli ndi lawo.

Kuti tiliyankhe bwino, sitisowa kupita kutali. Mzinda uno unasunga kwa zaka zambiri munthu amene anatchuka ali mnyamata, nataya zonse, nayambanso. Ndipo anachita zimenezi kangapo pa moyo wake. Munthuyo ndi malemu Bambo Wambali Mkandawire, amene dziko linawadziwa ndi dzina lakuti Mtebeti.

MWANA WA KU MLOWE

Bambo Mkandawire anabadwa m'chaka cha 1952 ku Congo, dziko limene pa nthawiyo linali m'manja mwa boma la Belgium. Makolo awo anali a ku Mlowe, mudzi wa m'mbali mwa nyanja m'boma la Rumphi. Kubadwira kunja kotere sikunali kwachilendo masiku amenewo, pakuti anthu ambiri a chigawo cha Kumpoto, makamaka amene anaphunzira m'sukulu za mishoni ya Livingstonia, anali kupita kukagwira ntchito ku Katanga, ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia, ku Southern Rhodesia ndi ku Joni, popeza kwawo kunalibe ntchito zokwanira anthu ophunzira.

Mwanayo anakulira m'manja mwa agogo ake, ndipo makutu ake anadzazidwa ndi nyimbo za mitundu yambiri. Panali magitala a ku Congo kumene anabadwira. Panali ng'oma ndi nyimbo za pamudzi, za kunyanja ndi za kumapiri a Atumbuka. Panalinso nyimbo za Azungu ndi za ku South Africa zimene zinali kufika pa wailesi. Mtima wake unakhala pa kuimba. Koma agogo sanakondwere nazo, chifukwa mwanayo anali akali pa sukulu.

Tisafulumire kuwaweruza agogo amenewa. M'masiku awo njira yotulukira mu umphawi inali imodzi yodziwika bwino: setifiketi, ndipo pambuyo pake uphunzitsi, ukalaliki kapena ubusa. Munthu wonyamula gitala anali kuonedwa ngati wa m'mabala, wopanda munda, wopanda malipiro a pa mwezi. Agogo amene akaniza mdzukulu wawo njira yotere achita zimenezo chifukwa cha chikondi. Cholakwa chinali cha nthawiyo, imene inaika sukulu mbali ina ndi nyimbo mbali ina, niuza mwana kuti asankhe chimodzi. Mnyamatayo anasankha nyimbo, ndipo sukulu anaisiyira panjira.

PANSI PA MAGETSI A BLANTYRE

M'zaka za m'ma 1970 iye anafika ku Blantyre, kumene kunali mahotela, maholo a dansi ndi nyumba ya wailesi. Kumeneko analowa gulu lotchedwa Sounds Pentagon, limene linali kuimba nyimbo zotchuka za Azungu, ndipo anakhala woimba wotsogolera. Gululo linayesanso kusakaniza nyimbo za rock ndi zamakolo athu, chinthu chimene chinali chatsopano m'makutu a achinyamata a m'tauni. Mnyamata wa ku Mlowe anaima pansi pa magetsi, anthu namuombera m'manja.

Kuti awerengi achinyamata amvetse chimene chinachitika pambuyo pake, ndi bwino kufotokoza mmene woimba wa masiku amenewo anali kukhalira. Dziko lonse linali ndi wailesi imodzi, ya Malawi Broadcasting Corporation, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1964; wailesi ya kanema inadza mochedwa, m'chaka cha 1999. Oimba ambiri anali kujambula nyimbo zawo ku nyumba ya wailesiyo, ndipo matepi anali kutsalira komweko. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe loyang'anira zosangalatsa, limene linali ndi mphamvu yoletsa nyimbo, buku kapena kanema. Ndipo kuyambira m'chaka cha 1973 ngakhale kavalidwe kanalowa m'malamulo, tsitsi lalitali la amuna nililetsedwa. Bungwe lotolera ndalama za oimba kuchokera kwa amene agwiritsa ntchito nyimbo zawo kunalibe.

Tsono gulu la oimba linali kudya za pakhomo pa holo basi. Magitala amagetsi, ng'oma za chizungu ndi zokuzira mawu zinali zochokera kunja, za mtengo wapatali, ndipo kawirikawiri mwini wake sanali woimbayo koma mwini hotela kapena munthu wina wa ndalama. Chingwe cha gitala chikaduka, kapena chokuzira mawu chikapsa, dansi ya Loweruka yafa, ndipo pamodzi nayo chakudya cha sabata yonse. Mwa njira imeneyi munthu akhoza kukhala wotchuka m'tauni monse koma wopanda ndalama ya basi yobwererera kwawo.

Zimenezi n'zimene zinagwetsa gulu la Pentagon. Luso linalipo, anthu oonerera analipo, koma ndalama zoyendetsera gulu zinasowa, ndipo linabalalika. Woimba wake wotsogolera anatsala ali mnyamata wa zaka za m'ma 20, wodziwika nkhope, wopanda setifiketi, wopanda chipangizo, m'tauni ya eni. Pano ndi pamene nkhani za oimba ambiri zithera, ndipo mathero ake tiwadziwa tonse: mowa, ngongole, ndi kukhala pa khonde la sitolo kufotokozera ana za masiku amene anthu anali kukudziwa.

CHAKA CHA 1978

Nkhani ya Bambo Mkandawire inapotokera kwina. M'chaka cha 1978 anatembenuka mtima nalandira Chikhristu mwamphamvu, ndipo anasiya moyo wa m'maholo a dansi. Zaka zotsatira anazipereka ku maphunziro a zauzimu ndi ntchito za mpingo. Tsamba lino liwerengedwa ndi anthu a zipembedzo zosiyanasiyana, ndipo si ntchito yathu kuuza munthu kumene ayenera kupemphera. Chimene tifuna kuti chioneke ndi ichi: pamene mbiri inamuthawa mnyamatayu, iye anapeza anthu amene anamulandira osati chifukwa cha mawu ake okoma, anapeza mwambo wa tsiku ndi tsiku, ndipo anapeza chifukwa chodzukira m'mawa chimene sichinali kudalira pa kuchuluka kwa anthu m'holo.

Zotere sizinachitike kwathu kokha. Ku America, woimba wa rock and roll Little Richard anasiya kuimba m'chaka cha 1957 mbiri yake ili pamwamba, napita ku koleji ya mpingo kukaphunzira Baibulo. Ku England, Cat Stevens, amene malekodi ake anagulidwa miyandamiyanda, analowa Chisilamu kumapeto kwa 1977, natenga dzina lakuti Yusuf Islam m'chaka chomwecho cha 1978, ndipo anakhala zaka zoposa 25 osatulutsa chimbale cha nyimbo za mtundu wake wakale kufikira 2006. Amenewa anali ndi chuma chowasunga pamene anasiya. Wa ku Mlowe analibe. Koma nthenda imene onsewa anali kuithawa ndi imodzi: munthu akazolowera kudziyesa ndi kuomba m'manja kwa anthu, tsiku limene holo ikhala chete sadziwanso kuti iye ndi yani.

Dzina limene Bambo Mkandawire anadzadziwika nalo lionetsa yankho lawo. Mtebeti, m'Chitumbuka, ndiye kuti mtumiki. Oimba ambiri adzipatsa maina a ufumu ndi ukulu. Awa anasankha dzina la munthu wonyamula madzi osamba m'manja. Wotchuka akhoza kuchotsedwa pa mpando wake ndi wina wotchuka koposa, koma mtumiki ntchito siimuthera.

KUBWERERA KU SUKULU NDI KU CHINENERO CHA KWAWO

Kutembenuka mtimako sikunaphe nyimbo mwa iwo. M'zaka za m'ma 1980 analowa gulu la New Song, la bungwe la Youth for Christ, limene linayenda m'masukulu ndi m'matchalitchi a maiko a kummwera kwa Africa. M'chaka cha 1986 anapita ku South Africa kukagwira ntchito pakati pa achinyamata a ku Soweto ndi ku Alexandra, pa nthawi imene tsankho la apartheid linali litafika poipitsitsa ndipo madera a anthu akuda anali pansi pa malamulo a nthawi ya chipwirikiti. M'chaka cha 1988 anajambula chimbale chawo choyamba ku Cape Town, nayendanso ndi gulu la Friends First. Ndipo m'chaka cha 1989, ali ndi zaka 37, anapita ku Britain kukaphunzira za nyimbo za mitundu ya anthu ndi malo ake m'chipembedzo, najambula nyimbo zina ku Glasgow.

Aphunzitsi aone bwino mfundo imeneyi. Mwana amene anathawa sukulu chifukwa cha nyimbo anabwerera pa desiki ali bambo wamkulu chifukwa cha nyimbo zomwezo. Sikuti anali kudana ndi maphunziro. Anali kusowa sukulu imene ikanalandira mphatso yake.

Chinthu chachiwiri chimene anabwererako ndi chinenero ndi ng'oma za kwawo. Amene anayamba ndi kutsanzira nyimbo za Azungu anayamba kupeka m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, namanga nyimbo zawo pa kamvekedwe ka magule a Kumpoto. Njira imeneyi inali ndi eni ake akale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ku mishoni ya Loudon, imene lero tiitcha Embangweni, Mbusa Donald Fraser analimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo za Mulungu pa maimbidwe a makolo awo, ndipo anthu monga Mawelera Tembo ndi Peter Thole anasiya nyimbo zimene ziimbidwabe m'matchalitchi a Sinodi ya Livingstonia. Koma inali njira yokwera phiri, chifukwa kuyambira 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'masukulu, ndipo chinabwerera pa wailesi ya MBC m'chaka cha 1994. Woimba wofuna mbiri ya msanga sakanasankha njira yotere. Iwo anaisankha chifukwa anali ataona kale kumene mbiri ya msanga ithera.

KUGWA KWACHIWIRI

Wina angaganize kuti munthu akayambanso kamodzi ndiye kuti mavuto atha. Sizitero. Chaka cha 1992 chinali chaka cha kusintha kwakukulu m'dziko muno. Pa 8 Malichi maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yawo yodzudzula kayendetsedwe ka dziko, ndipo pa 6 Epulo Bambo Chakufwa Chihana anamangidwa pa bwalo la ndege la ku Lilongwe pamene anabwerera kudzaitanitsa ulamuliro wa zipani zambiri. Bambo Mkandawire anaima pamodzi ndi amene anali kupempha kuti Bambo Chihana amasulidwe. Chifukwa cha chimenechi nyimbo zawo zinayamba kuonedwa ngati za otsutsa boma la nthawiyo, ndipo m'dziko la wailesi imodzi zimenezo zinali zokwanira kutsekera woimba pakhomo. Ndalama zofalitsira zimbale zimene anajambula kunja zinasowanso.

Mtundu wa Amalawi unasankha zipani zambiri pa referendamu ya pa 14 Juni 1993, ndipo chisankho chinachitika pa 17 Meyi 1994. Koma ufulu wa ndale subweza msanga zaka zimene woimba wataya. Msika wa nyimbo unadzaza ndi makaseti a reggae ndi mawu atsopano a achinyamata, ndipo kwa zaka zingapo Bambo Mkandawire anali kupeka nyimbo zambiri osazijambula, akuimba m'matchalitchi kuno ndi kunja.

Pa nthawi imeneyi kwawo kunali kuno ku Mzuzu. Mzinda uno, umene unayamba m'chaka cha 1947 ngati munda wa mitengo ya tung ndipo unalandira ulemu wa mzinda m'chaka cha 1985, unali kutali ndi nyumba zojambulira nyimbo ndi maofesi a manyuzipepala a ku Blantyre. Kwa munthu wofunafuna kuoneka, kukhala kuno kunali ngati kudzikwirira. Koma iwo anakhala, natumikira mpingo, nagwira ntchito za mishoni kumidzi, nayambitsanso kampani ya Kajimete Arts yothandiza kufalitsa ntchito za luso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

ZANI MUWONE

M'chaka cha 2002, ali ndi zaka 50, anatulutsa chimbale chotchedwa Zani Muwone, ndiko kunena kuti bwerani mudzaone. Chinajambulidwa ku Johannesburg motsogozedwa ndi katswiri J.B. Arthur. Nyimbo zake zinali za jazz yomangidwa pa maimbidwe a Kumpoto, zoimbidwa ndi zipangizo zenizeni ndi anthu odziwa ntchito yawo, ndipo zinamveka ku South Africa monga zinamvekera kuno. Mwini wake anaitanidwa ku chikondwerero cha North Sea Jazz Festival cha ku Cape Town, dzina lake linaikidwa pa mndandanda wa opikisana pa mphotho za Kora, ndipo bungwe la World Intellectual Property Organization, limene liyang'anira za umwini wa ntchito za luso pa dziko lonse, linawapatsa mphotho yake ya luso.

Tiyeni tiwerenge zaka. Kuchokera pa kubalalika kwa Pentagon kufikira pa Zani Muwone panapita zaka zoposa 20. Mbiri yoyamba, ya mnyamata woimba nyimbo za eni, inakhala kanthawi kochepa, ndipo lero ndi ochepa amene angakumbukire nyimbo imodzi ya gululo. Mbiri yachiwiri, ya munthu wamkulu woimba za kwawo, inadutsa malire a dziko ndipo ikalipo mwini wake atapita. Chimene anthu akunja anachilemekeza ndi chomwe chija chimene mwanayo anachimva pa mchenga wa ku Mlowe, chitasulidwa ndi maphunziro ndi zaka za kuleza mtima.

Ndipo pamene mbiri inabwera kachiwiri, inapeza munthu wodziwa kuigwira. Atatulutsa chimbale cha Moto m'chaka cha 2007, Bambo Mkandawire analengeza kuti apuma pa zoimba pamaso pa anthu. Nthawi yoyamba anachotsedwa pa nsanja ndi umphawi, nthawi yachiwiri ndi ndale, koma tsopano anatsika okha, anthu akali kuwafuna. Anabweranso pamene iwo eni anaona kuti ali ndi chonena: ndi chimbale cha mapemphero cha Liberty m'chaka cha 2011, ndi cha jazz cha Calabrash Breath m'chaka cha 2015. Anamwalira pa 31 Januwale 2021 ndi nthenda ya Covid-19, ali ndi zaka 68, ndipo dziko lonse linawalira.

ZIMENE ZASINTHA NDI ZIMENE SIZINASINTHE

Mwana woimba wa lero ali ndi zinthu zimene a Pentagon sanazilote. Nyumba za wailesi ndi za kanema zachuluka, ndipo palibe munthu mmodzi amene angatseke pakamwa pa woimba dziko lonse. Boma linakhazikitsa lamulo la umwini wa ntchito za luso m'chaka cha 1989, ndipo kuchokera m'lamulo limeneli munabadwa bungwe la Copyright Society of Malawi, kapena kuti COSOMA, m'chaka cha 1992. Lamulolo linalembedwanso mwatsopano m'chaka cha 2016, ndipo tsopano oimba olembetsa ntchito zawo alandira gawo la ndalama zotoleredwa kwa nyumba za wailesi, malo a zisangalalo ndi pa zipangizo zokoperamo nyimbo. Ofuna kuphunzira nyimbo mwadongosolo akhoza kutero ku University of Malawi ku Zomba, ku Music Crossroads ku Lilongwe, ndi ku sukulu ya Lusubilo ku Karonga. Mzuzu weniweniyo, umene pa kalembera wa 2018 unali ndi anthu oposa 220,000, si tauni yaing'ono ya kutchire monga kale, ndipo uli ndi yunivesite yakeyake imene inayamba kuphunzitsa m'chaka cha 1999.

Koma pali zina zimene zaipirapo. Mbiri ya lero ifika msanga koposa, ndipo ifikira ana aang'ono koposa. Woimba wa 1977 akalakwitsa nyimbo, anali kusekedwa ndi anthu a m'holo imodzi. Wa lero anyozedwa pa Facebook ndi anthu zikwizikwi amene sanamuonepo, ndipo mawu awo awawerenga yekha usiku pa foni. Nyimbo imene yamveka pa foni iliyonse kawirikawiri yafika pamenepo popanda tambala kulowa m'thumba la mwini wake, koma achibale ndi anzake, poona kutchukako, aganiza kuti walemera ndipo ayamba kumupempha. Tsono mwanayo akongola zovala ndi galimoto kuti afanane ndi dzina lake. Miyezi isanu ndi umodzi ikapita, nyimbo ina ya mwana wina yalowa m'malo. Kusiyana kwa dzina lalikulu ndi thumba lopanda kanthu, kumene kunagwetsa Pentagon, kukalipo mpaka lero.

MAWU KWA APHUNZITSI NDI ANTCHITO A BOMA

Kwa aphunzitsi tinena zinthu zitatu. Choyamba, musamuike mwana pa mphambano imene anaikidwapo mwana wa ku Mlowe. Wophunzira amene nyimbo yake yamveka pa wailesi asachititsidwe manyazi pa mzere wa m'mawa, ndiponso asakwezedwe pamwamba pa anzake. Muitanireni ku ofesi, mukhale naye pansi pamodzi ndi makolo ake, ndipo mupangane za masiku amene angapite kukaimba ndi masiku amene ayenera kukhala m'kalasi kufikira atalemba mayeso a Fomu 4. Setifiketi siitsekereza mawu a munthu. Imupatsa khomo lina lotulukira tsiku limene holo idzakhala yopanda anthu.

Chachiwiri, nthawi ya phunziro la zaluso, limene ku pulayimale linalowa ndi dzina lakuti Expressive Arts, isasanduke nthawi yosesa bwalo kapena yobwereza masamu. Mwana amene waphunzira kuomba ng'oma ya vimbuza kapena ya malipenga moyenera, ndi kumvetsa mawu a nyimbo za agogo ake, wanyamula chuma chimene kompyuta singamupatse. Gule wa vimbuza analengezedwa ndi bungwe la UNESCO m'chaka cha 2005 kuti ndi chimodzi mwa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse lapansi. N'chamanyazi kuti alendo achidziwe chimenechi koma ana a ku Rumphi ndi ku Mzimba achiyese chachikale.

Chachitatu, muphunzitseni kuwerenga pepala asanalisaine. Mphunzitsi wa Chingerezi kapena wa zamalonda amene apatula ola limodzi kufotokozera kalabu ya nyimbo tanthauzo la mgwirizano wolembedwa, ndi chifukwa cholembetsera nyimbo ku COSOMA, wapulumutsa mwana ku misozi ya zaka zambiri.

Kwa antchito a Boma, makamaka a m'makhonsolo ndi m'maofesi a zachinyamata ndi zachikhalidwe, pempho lathu ndi lakuti lamulo labwino limene Boma linapanga lifike kwa eni ake. Lamulo lokhala m'kabati silidyetsa munthu. Pamene ofesi ikonza mwambo niitana oimba achinyamata, iwalipire pa nthawi yake ndi pa mtengo umene anapangana, pakuti Boma likapereka chitsanzo, eni mabala ndi mahotela adzachita manyazi kuchita mwina. Ndipo pamene woimba amene anatchuka kale abwera pa khomo la ofesi kudzafunsa za malo a maphunziro a ntchito zamanja kapena za ngongole yoyambira bizinesi, alandiridwe monga nzika ina iliyonse, popanda kumuseka kuti anali kuti masiku a ulemerero wake. Kuyambanso kufuna kulimba mtima kwakukulu, ndipo mawu amodzi achipongwe a pa kauntala akhoza kubweza munthu ku botolo.

Kwa makolo ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti tingoti: khomo likhale lotsegula. Mwana wobwerera kuchokera ku tauni manja ali m'thumba asafunsidwe za galimoto imene anajambulitsa nayo chithunzi. Apatsidwe madzi osamba ndi nsima, ndipo zokamba zidze m'mawa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Madzulo ano, chifunga chikatsika pa Mzuzu, m'kachipinda kena ka ku Chibavi mwana wina adzaima patsogolo pa maikolofoni ndi mtima wogunda. Sitidziwa ngati dzina lake lidzamveka chaka chimodzi kapena zaka makumi anayi. Chimene chili m'manja mwathu ndi kuona kuti pa tsiku limene nyimbo yake idzaleka kuimbidwa, iye adzakhale ndi sukulu m'mutu, chinenero cha kwawo pakamwa, lamulo lomuteteza, ndi mudzi womulandira. Bambo Mkandawire anazipeza zinthu zimenezi mochedwa ndi movutikira, chimodzichimodzi, pa zaka zoposa makumi awiri. Ana a m'makalasi mwathu akhoza kuzilandira asanafike pa nsanja, ngati ife akuluakulu tichita mbali yathu.